Kodi Munthu Angacheze ndi Njoka? Nanga ndi Mbalame?

Ana inu a kwa Kaduya, ndi anzanu onse amene tsamba lino lawapeza, senderani pafupi. M'buku lina lotchuka padziko lonse muli mnyamata wamasiye wovala magalasi, dzina lake Harry Potter. Ali ndi zaka 10, mayi ake aakulu amene ankamulera mwankhanza anamutenga pamodzi ndi mwana wawo kupita kumalo osungirako nyama. Kumeneko Harry anaima patsogolo pa galasi, kuseri kwake kutagona chinjoka chachikulu cha mtundu wofanana ndi nsato. Chinjokacho chinadzutsa mutu n'kumutsinzinira diso limodzi. Harry anayamba kuchifunsa mafunso, icho n'kumayankha pogwedeza mutu ndi kuloza ndi mchira. Mwadzidzidzi galasi lija linazimiririka, njoka n'kutuluka, ndipo podutsa pamapazi pa Harry inamuthokoza ndi mawu amene iye anawamva bwinobwino.

Bukulo ndi Harry Potter and the Philosopher's Stone. Analilemba ndi mayi wa ku Britain, J.K. Rowling, ndipo linatuluka mu 1997. Mabuku a nkhaniyi alipo 7, lomaliza linatuluka mu 2007, ndipo onse pamodzi agulidwa oposa 500 miliyoni. M'nkhanimo chiyankhulo cha njoka chimatchedwa Parseltongue. Harry sanachiphunzire kusukulu kapena kwa agogo. Anangopezeka akuchidziwa, mwamatsenga.

Kwa ife zoti nyama zimayankhula si zachilendo m'nthano. Agogo akangoti "Padangokhala," ife n'kuvomera kuti "Tili tonse," timadziwa kale kuti Kalulu akangana ndi Njovu ndipo Fisi anamizidwa. Koma nthano ikatha pamatsala funso: kodi kunja kuno, kumunda ndi kuphiri, nyama zimauzana zinthu? Ndipo munthu angathe kuitana nyama yakutchire, iyo n'kumva chimene akufuna? Yankho la mafunso onse awiriwa ndi inde, kungoti nyama yake si njoka.

Njoka imamva bwanji?

Tiyambe ndi kutsinzinira kuja. Njoka siingatsinzine, chifukwa ilibe zikope. Diso lake limaphimbidwa ndi kamamba koonekera mkati, kamene sikatseguka kapena kutsekeka. Mukadzapeza khungu limene njoka yafundula m'munda wa nandolo, dzalitembenuzeni ndi kamtengo n'kuyang'ana kumutu. Mudzaona timagalasi tiwiri tozungulira. Timeneto n'tophimba maso, tafundulidwa limodzi ndi khungu lonse.

Makutu akunja njoka ilibenso. Komabe si gonthi. Mkati mwa mutu wake muli kafupa kolumikiza chibwano ndi khutu lamkati. Njoka ikagoneka mutu pansi, mgugu wa mapazi a munthu kapena a ng'ombe umadutsa m'nthaka, kulowa m'chibwano, mpaka kukafika kukhutu lija. N'chifukwa chake akuluakulu amati poyenda m'udzu wautali muzipondetsa mapazi ndi kumenya pansi ndi ndodo: njoka zambiri zimathawa musanazione n'komwe. Mu 2023 akatswiri a pa University of Queensland ku Australia, motsogozedwa ndi Christina Zdenek, anaonetsa kuti njoka zimamvanso phokoso loyenda mumpweya, makamaka la mawu aakulu a besi. Koma kumva phokoso ndi kumva tanthauzo la mawu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mukainena njoka kuti "choka," iyo imangomva kuti pafupi pali chinthu chachikulu.

Nanga njoka zokhazokha zimauzana bwanji? Zimadalira fungo. Lilime la mphanda limene njoka imatulutsa kawirikawiri si mbola ayi. Limatola tizidutswa ta fungo mumpweya ndi pansi, n'kutipititsa ku timabowo tiwiri ta m'kamwa, kumtunda, kumene kuli chiwalo chozindikira fungo. Njoka yaikazi ikadutsa pamalo imasiya fungo lake, ndipo yaimuna imalondola njira yomweyo mpaka kuipeza. Mphanda ziwirizo zimaithandiza kudziwa ngati fungo lakula kumanja kapena kumanzere.

Kwa ife anthu njoka ili ndi uthenga umodzi wokha, ndipo ndi wosavuta kuumva. Mphiri ikafufuma thupi n'kuuzira mpweya mwaukali, kapena njoka yolavula malovu ikaimika mutu n'kutambasula khosi, ikunena kuti musasendere. Bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono, musaigende. Munthu akalumidwa, pasakhale zocheka pabalapo kapena kuyamwa ululu. Athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Pali chinthu china chokhudza nsato chimene ine chimandisangalatsa kwambiri. Katswiri wina wa pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, Graham Alexander, anatsatira nsato za kuno kummwera kwa Africa kwa zaka zingapo, ndipo mu 2018 analemba zimene anaona. Nsato yaikazi imafungatira mazira ake kuuna osadya kanthu. Imatuluka kukaothera dzuwa mpaka thupi litatentha, n'kubwerera kukazinga mazirawo kuti afunde. Ana akaswa, imakhala nawo pafupifupi milungu iwiri, ndipo usiku amagona m'kati mwa thupi la mayi wawo lozingana. Palibe mawu amene amamveka kuunako, koma mayi ndi ana amadziwana.

Basilisk ndi Napolo

M'buku lachiwiri, Harry Potter and the Chamber of Secrets, la mu 1998, muli chinjoka chotchedwa Basilisk. Chimabisala pansi pa sukulu ya Hogwarts ndipo chimayenda m'mapaipi a m'makoma. Munthu amene wayang'anana nacho maso ndi maso amafera pomwepo. Akangaude amachithawa, ndipo kulira kwa tambala kumachipha. Harry yekha ndi amene ankamva mawu ake akudutsa m'khoma, anzake osamva kanthu.

Mwana wa ku Phalombe akamva za chinjoka chobisala pansi, dzina limene limamubwerera ndi limodzi: Napolo. Makolo amati Napolo amakhala pansi pa phiri, ndipo akafuna kusamuka kupita kunyanja amatuluka ndi mkokomo waukulu, akukokolola miyala, mitengo, nyumba ndi milatho. Ku Zomba amamukumbukira chifukwa cha zoterezi zimene zinachitika mu Disembala 1946. Mlembi wathu Steve Chimombo anatulutsa buku la ndakatulo lotchedwa Napolo Poems mu 1987.

Kusiyana kwake n'kwakuti Basilisk amathera m'buku, pamene chimene anthu amachitcha Napolo chinatengadi abale athu. Mu Marichi 1991, mvula itagwa yambiri, madzi osakanikirana ndi matope ndi zimiyala anatsika m'phiri la Michesi n'kusesa midzi ya ku Phalombe, ndipo anthu mazanamazana anamwalira. Mu Marichi 2023 namondwe Freddy anachitanso zomwezo ku Phalombe, Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre. Ena mwa inu munaona ndi maso anu, ndipo ena munataya okondedwa anu. Nkhani imeneyi sitiikamba moseka.

Akatswiri a za nthaka amafotokoza motere. Mvula ikagwa masiku angapo osaleka, dothi la pamalo otsetsereka limamwa madzi mpaka kukhuta. Limalemera, limaterera, ndipo limalekana ndi thanthwe limene linagonapo. Likangoyamba kutsika limanyamula miyala ndi mitengo, n'kulowa m'khwawa la mtsinje likuthamanga kuposa munthu aliyense. Mkokomo umene anthu amamva ndi wa zimiyala zikugundana. Pamene mitengo inadulidwa dothi limaguluka msanga, popeza palibe mizu yoligwira.

Phiri nalo lili ndi zizindikiro zake, ndipo nzofunika kuzidziwa kuposa chiyankhulo cha njoka. Mtsinje ukasanduka matope mwadzidzidzi, kapena madzi ake akachepa pamene mvula ikugwabe, ndiye kuti kumtunda chinachake chautseka ndipo chingaphulike nthawi iliyonse. Ming'alu yatsopano m'nthaka, mitengo yopendekeka, ndi mkokomo wochokera kuphiri, zonsezi zikutanthauza kuti muuze akuluakulu ndipo nonse muchoke m'mbali mwa mtsinje msangamsanga. A zanyengo akachenjeza pa wailesi, mverani.

Ngakhale akatswiri amafotokoza motero, nkhani ya mizimu ya m'phiri la Mulanje, limene nsonga yake Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, si yonyozeka. Mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pamndandanda wa malo ofunika kwambiri padziko lonse, ndipo chifukwa chachikulu chinali ulemu umene Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao amalipatsa ngati malo a mizimu ya makolo.

Yambirani pa nkhuku ya pakhomo

Kuti mumve nyama zikuuzana zinthu simufunika kupita kutali. Khalani pakhonde madzulo n'kuyang'ana thadzi limene lili ndi anapiye. Likafukula n'kupeza chiswe, limalira mofulumira, motsitsa mawu, ndipo anapiye onse amathamangira pamlomo pake. Pakangodutsa chithunzithunzi cha kabawi m'mwamba, limatulutsa kulira kwina, kwakutali ndi kokuwa. Onani zimene anapiye amachita: ena amalowa pansi pa nkhokwe, ena amangoti phwatata pomwe alipo, osagwedezeka. Koma kukabwera galu kapena mphaka wachilendo, kulira kumasintha. Kumakhala kodukizadukiza, kobwerezabwereza, ndipo nkhuku zimaimika makosi n'kumayang'ana uku ndi uku pansi.

Mu 1993 akatswiri Christopher Evans ndi Peter Marler pamodzi ndi mnzawo anayesa zimenezi mosamala. Anajambula kulira kwa mitundu iwiriyi n'kumakuulutsira nkhuku zimene sizinkaona mdani aliyense. Zikamva kulira kochenjeza za m'mwamba zinkanyonyomala n'kupendeketsa mutu kuyang'ana kumwamba. Zikamva kochenjeza za pansi zinkaimirira njo n'kumaunguza m'mbali. Choncho uthenga uli m'kulira momwemo. Kunapezekanso kuti tambala amachenjeza za kabawi kawirikawiri ngati pali nkhuku ina pafupi, koma akakhala yekha nthawi zambiri amangokhala chete.

Tambala alinso ndi kachitidwe kena kamene mwina munakaonapo. Akapeza njere ya chimanga amaitola n'kuigwetsa, kuitolanso n'kuigwetsanso, uku akuitana. Akuitanira mathadzi kuti adzadye. Ndipo anapiye amayamba kulira ali m'dzira momwe. Thadzi limakhalira mazira masiku 21, ndipo kutatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti aswe, mukayandikira mwakachetechete mungamve timawu tochokera m'kati mwa chigoba, mayi n'kumayankha.

Apusi amene amaba chimanga m'minda ya m'mphepete mwa phiri amachita zoposa pamenepa. Mu 1980 Robert Seyfarth, Dorothy Cheney ndi Peter Marler analengeza zimene anapeza ku Amboseli m'dziko la Kenya. Anabisa sipika patchire n'kumaulutsa kulira kwa apusi kumene anajambula. Pomva kulira kochenjeza za kambuku, apusi ankathawira pamwamba pa mitengo, ku tinthambi tating'ono kumene kambuku sangafike. Pomva kwa chiwombankhanga ankayang'ana kumwamba n'kudumphira m'zitsamba zowirira. Pomva kwa njoka ankaimirira ndi miyendo iwiri n'kumasuzumira m'udzu. Ana a pusi amalakwitsa poyamba. Kamwana kamatha kukuwa kuti kwabwera chiwombankhanga pamene yadutsa ndi njiwa chabe, kapena tsamba likugwa mumtengo. Kamapita kakuwongolera pamene kakukula.

Njovu, monga za ku Liwonde, zili ndi mawu ena otsika kwambiri moti khutu la munthu silingawamve, koma amafika makilomita angapo. Anazindikira zimenezi ndi katswiri wina, Katy Payne, mu 1984.

Kadzidzi wonyamula makalata

Harry ali ndi kadzidzi woyera dzina lake Hedwig, amene amamunyamulira makalata kulikonse. Kwathu kuno mwana angadabwe nazo, chifukwa kadzidzi akalira padenga anthu ambiri amagwidwa mantha, amati akulosera maliro. Ndikufuna mumve mbali ya kadzidziyo. Chimene chimamubweretsa pafupi ndi nyumba ndi makoswe ndi mbewa zimene zimazungulira nkhokwe. Kadzidzi wa nkhope yoyera, amene amakonda kugona m'madenga a matchalitchi ndi masukulu, makutu ake sali pamzere umodzi: lina lili m'mwamba pang'ono kuposa linzake. Zimenezi zimamuthandiza kudziwa malo enieni pamene khoswe akuswetula, ndipo amatha kumugwira mumdima wa ndiweyani. Banja limodzi la akadzidzi otere limatha makoswe ochuluka zedi pachaka, amene akanadya chimanga chanu.

Kulira kwake nako kuli ndi eni ake. Kadzidzi wamkulu wa timakutu tanthenga akalira kawiri usiku, mvetserani bwino, nthawi zambiri mumva wina akuyankha katatu chapatali. Woyambayo ndi wamwamuna, woyankhayo ndi mkazi wake. Akuuzana kumene ali, ndiponso akuuza akadzidzi ena kuti dera lino lili ndi eni. Za anthu a m'nyumbamo sakuzidziwa n'komwe. Musamugende.

Makalata kadzidzi sanyamula. Mbalame imene inagwiradi ntchito imeneyi ndi nkhunda. Mu 1850 Paul Julius Reuter, amene anayambitsa kampani yofalitsa nkhani ya Reuters, ankatumiza nkhani za malonda pakati pa mizinda ya Brussels ndi Aachen pogwiritsa ntchito nkhunda. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse asilikali ankamangirira timakalata kumiyendo ya nkhunda. Chinsinsi chake n'chakuti nkhunda imadziwa kubwerera kukhola kwake ngakhale itatengedwa kupita kutali. Siingatumidwe kwina kulikonse. Imangopita kwawo basi.

Mbalame imene imayankha munthu

Tsopano tafika pa nkhani imene ine ndimaiona kuti imaposa matsenga onse a m'mabuku aja, ndipo ikuchitikira kwa anansi athu ku Mozambique.

Pali kambalame kotuwa, kocheperako kwa njiwa, kokhala ndi nthenga zoyera m'mbali mwa mchira. Ambiri amakatcha nsadzu, ndipo Ayao amati sego. Chakudya chimene kamakonda kwambiri ndi phula la njuchi, chinthu chimene nyama zambiri sizingathe kugaya m'mimba. Zaka zoposa 400 zapitazo wansembe wa Chipwitikizi, João dos Santos, ali ku Sofala, anaona kambalameka kakulowa m'tchalitchi mwake kudzajompha makandulo a paguwa, ndipo anazilemba m'buku lake limene linatuluka mu 1609.

Vuto la nsadzu ndi ili: imadziwa mphako iliyonse ya njuchi m'dera lake, koma siingathe kuswa mtengo, ndipo njuchi zikaiunjikira zimaipha. Munthu naye ali ndi nkhwangwa ndi moto, koma kupeza njuchi m'nkhalango yaikulu kumamutengera tsiku lonse. Ndiye awiriwa anagwirizana kalekale, zaka zosawerengeka zapitazo.

Zimayenda chonchi. Mlenje wa uchi amalowa m'nkhalango akuitana. Nsadzu ikamva imabwera n'kutera panthambi yapafupi, ikulira mosalekeza, mwaphokoso, kulira kumene imasungira anthu okha. Munthu akaiyandikira imauluka n'kukatera pamtengo wina patsogolo, itatambasula mchira kuti nthenga zoyera zija zioneke. Munthu amatsatira, akuiyankha kuti idziwe kuti akubwera. Mtengo ndi mtengo, mpaka pamene mbalame imasintha kaliridwe n'kungokhala pamalo amodzi. Apo mlenje amadziwa kuti afika. Amayang'ana m'mwamba mpaka aone njuchi zikulowa ndi kutuluka pamphako. Amamanga mtolo wa nkhuni zouma wokutidwa ndi masamba aawisi, kuuyatsa, n'kuukweza ndi mtengo wautali kuti utsi ugonetse njuchi. Kenaka nkhwangwa imagwira ntchito. Munthu amatenga uchi, ndipo zisa zophwanyika zimatsalira mbalame.

M'nkhalango yotetezedwa ya Niassa, kumpoto kwa Mozambique, alenje a uchi a Chiyao ali ndi kaitanidwe kawokawo kamene anaphunzira kwa atate awo. Amanjenjemeretsa mawu mokweza kuti "brrrr," n'kumaliza ndi "hm" wamfupi wochokera pachifuwa. Mawu amenewa sawagwiritsa ntchito pa china chilichonse koma poitana sego.

Kodi mbalameyo imamvadi tanthauzo lake, kapena imangokopeka ndi phokoso lililonse la munthu? Katswiri wa mbalame Claire Spottiswoode, wa ku yunivesite za Cambridge ndi Cape Town, pamodzi ndi Keith Begg ndi Colleen Begg, anapeza njira yoyesera. Ankayenda m'nkhalango ndi alenje a uchi atanyamula sipika. Ulendo wina sipikayo inkaulutsa "brrrr-hm," ulendo wina mawu wamba a Chiyao, ulendo wina kulira kwa mbalame monga njiwa, zonse mokweza mofanana. Zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya sayansi yotchedwa Science mu 2016. Akamaulutsa maphokoso ena aja, mbalame inkabwera kudzawatsogolera maulendo 33 pa maulendo 100 alionse. Akamaulutsa "brrrr-hm" inkabwera maulendo 66. Mwayi wopeza njuchi unakwera kuchoka pa 17 kufika pa 54 pa 100. Apa zinaonekeratu kuti nsadzu imasiyanitsa munthu wongodutsa ndi munthu amene akuti "ndikufuna uchi, nditsogolere."

Ku Kenya, pakati pa anthu a mtundu wa Boran, Hussein Isack ndi Heinz-Ulrich Reyer anali atapeza kale mu 1989 kuti popanda mbalameyi kufunafuna njuchi m'dera lachilendo kunkatenga pafupifupi maola 9, koma ndi mbalame maola atatu okha.

Nkhani siinathere pomwepo. Ku Tanzania kuli anthu otchedwa Hadza, amene saitana mbalameyi ndi "brrrr-hm" koma ndi likhweru lokoma. Spottiswoode ndi katswiri wina, Brian Wood, anatenga likhweru la Ahadza kupita nalo ku Niassa, ndipo kaitanidwe ka Ayao anapita nako ku Tanzania. Mu 2023 analengeza zimene anapeza: mbalame za ku Niassa zinkayankha kwambiri kaitanidwe ka Ayao, ndipo za ku Tanzania zinkayankha kwambiri likhweru la Ahadza. Tinganene kuti mbalame ya dera lililonse imadziwa chiyankhulo cha anthu a kwawo, monga mmene mwana wobadwira ku Phalombe amamvera Chilhomwe cha agogo ake pamene mnzake wa ku Karonga amamva Kyangonde.

Chodabwitsa n'chakuti nsadzu siphunzitsidwa ndi makolo ake, chifukwa siwadziwa n'komwe. Mayi wake samanga chisa. Amazemba n'kukaikira dzira lake m'chisa cha mbalame ina, kawirikawiri mbalame zodya njuchi zimene zimakumba mauna m'nthaka. Kamwana ka nsadzu kamaswa kali kosaona, kali ndi tingowe takuthwa kumapeto kwa mlomo, ndipo mumdima wa kuunako kamapha ana a eni chisa kuti chakudya chonse chikhale chake. Nzomvetsa chisoni, koma ndi mmene kanalengedwera. Eni chisa amakalera mpaka kuuluka. Kakakula kamayamba kuitana anthu, ndipo akatswiri akuganiza kuti kaitanidwe ka anthu a m'dera lake kamakaphunzira poonerera nsadzu zikuluzikulu ndi alenje akugwira ntchito limodzi. Palibe amene amakaweta, kukamanga kapena kukalanga. Ndi mbalame yakutchire, yomasuka, imene imasankha yokha kubwera munthu akaitana.

M'madera ambiri akuluakulu amanena kuti ukapanda kusiyira nsadzu gawo lake, tsiku lina idzakutsogolera kwa njoka kapena kwa chilombo. Ayao a ku Niassa amatolera zisa n'kuziyala pamasamba aawisi kuti mbalame idye bwino. Ahadza ambiri amachita zosiyana: amakwirira kapena kuwotcha zisa kuti mbalame ikhalebe ndi njala, iwatsogolerenso kwina.

Ubale umenewu ukutha m'malo ambiri a mu Africa. Nkhalango zikadulidwa njuchi zimasowa mphako. Anthu akayamba kugula shuga kugolosale ndi kuweta njuchi m'ming'oma, saonanso chifukwa chotsatira mbalame. Nsadzu imaitana, anthu osaiyankha, ndipo m'kupita kwa nthawi mbalame za m'deralo zimaleka kuitana. Kuweta njuchi m'ming'oma ndi chinthu chabwino, chimateteza mitengo kuti isagwetsedwe. Koma ndimamva chisoni kuganiza kuti kucheza kwa munthu ndi mbalame, kumene kwakhalapo kuyambira kalekale, kungazimiririke m'nthawi yathu ino popanda wokulemba.

Apa ndi pamene inu mungathandize. Pitani kwa agogo aamuna, kapena kwa mkulu aliyense wa m'mudzi amene ankafula uchi ali mnyamata m'nkhalango za Michesi ndi Mulanje. Afunseni mwaulemu kuti, "Agogo, kodi mbalame yolondolera njuchi munkaidziwa? M'chiyankhulo chanu munkaitcha chiyani? Munkaiitana bwanji, ndi likhweru, ndi mawu, kapena pogogoda mtengo? Munkaisiyira chiyani?" Apempheni achite kaitanidweko inu mukumva, muyeserere mpaka avomereze kuti mwakhoza, ndipo mulembe zonse m'kope pamodzi ndi tsiku lake. Za kufula uchi zokhazo zisiyireni akuluakulu, chifukwa njuchi zikakwiya zimapha ndipo moto wofulira uchi umatentha nkhalango. Kopelo mupite nalo kusukulu mukaonetse aphunzitsi a sayansi, kuti anzanu a m'kalasi akafunsenso agogo awo, muone ngati midzi yonse ya kwa Kaduya inkaitana mbalameyi mofanana.